Kodi Chithunzi Chingakhale Mboni ya Msonkhano?

M'misonkhano ikuluikulu ya masiku ano, monga yochitikira m'mahotela a ku Boksburg ndi ku Kempton Park m'dera la Ekurhuleni, mumapezeka munthu wina amene salankhula konse. Iyeyu amaima kukhoma ndi chipepala chachikulu, ndipo pamene nthumwi zikukambirana, amasandutsa mawu awo kukhala zithunzi: apa mlatho, apo mtengo wa nthambi zinayi, pakati muvi woloza dzuwa lotuluka. Lusoli linakula ku San Francisco m'zaka za m'ma 1970, ndipo mmodzi mwa olikuza anali David Sibbet. Ubwino wake sitingaukane. M'holo momwe mwakhala Mzulu, Msuthu ndi Mchewa wodzagwira ntchito ku Joni, Chingerezi cha wapampando chimasiya ena m'mbuyo, pamene chithunzi chimawadikira onse.

Komabe mlembi wa maminitsi, ngakhale zolemba zake n'zotopetsa kuwerenga, ali ndi chiganizo chimodzi chimene wojambula chimamuvuta: "Nthumwi ina inakana." Dzanja lojambula limafuna kuti zonse zikhale pamalo pake, pepala lioneke bwino. Kukana kulibe maonekedwe okoma.

Tiyeni tiyese ganizoli ndi msonkhano wotchuka kuposa yonse ya m'derali. Pa 20 Disembala 1991, magulu 19 anakumana ku World Trade Centre, ku Kempton Park, kutsegula zokambirana za CODESA. Wojambula akanakhalapo tsikulo, n'kutheka kuti akanajambula manja awiri, lakuda ndi loyera, akupatsana moni. Sakananama. Komanso sakananena zoona zonse. Madzulo a tsiku lomwelo F. W. de Klerk, amene anapatsidwa mwayi wolankhula pomaliza, anadzudzula ANC chifukwa chosathetsa gulu lake lankhondo la Umkhonto we Sizwe. Nelson Mandela anabwerera kutsogolo n'kumuyankha mwaukali, dziko likuonera pa wailesi yakanema. Chipani cha Inkatha ndi boma la Bophuthatswana anakana kusaina chikalata cha zolinga za msonkhanowo. Nanga PAC, imene inanyanyala, ikanajambulidwa bwanji? Mpando wopanda munthu suuza woona ngati mwini wake wadwala kapena wakwiya. Ndipo pa 25 Juni 1993, anthu a AWB atathyola magalasi a nyumba yomweyo ndi galimoto yankhondo, zinaoneka poyera kuti amene anali kunja kwa pepala anali mbali ya nkhaniyo.

Makolo athu ankadziwa malire a chithunzi. Zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, zimene UNESCO inazivomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse, zina mwa izo zinkagwira ntchito pa chinamwali. Mtsikana sankangoziona n'kumvetsa: namkungwi ankaima pambali pake n'kumamasulira, ndipo chithunzi chinali chokumbutsa chabe zimene pakamwa panena. Ife lero timajambula pepala la msonkhano ndi foni, n'kulitumiza pa WhatsApp kwa anthu amene kunalibe, popanda namkungwi aliyense. Amene walilandira amayesa kuti wamva msonkhano wonse.

Sindikunena kuti wojambula ndi wabodza. Vuto lake n'lakuti amasankha mofulumira, wolankhula asanatseke pakamwa, ndipo kusankhako sikuoneka chifukwa kwavala mitundu yokongola. Kawirikawirinso amene wamulipira ndi mwini msonkhano, osati wotsutsa wokhala kumbuyo.

Pa msonkhano wina wokamba za nyumba umene ndinakhalapo, mayi wina wa ku Tembisa anaimirira katatu kukana ndondomeko imene anzake anaivomera. Pomaliza ndinapita kukhoma kukamufunafuna. Ndinapeza kamtambo kakang'ono m'munsi mwa pepala, kokhala ndi chizindikiro cha funso. Mayiyo nayenso anafika, anakaloza ndi chala, nauza wojambulayo mwaulemu kuti iye sanafunse funso ayi, anakana. Mnyamatayo anatenga cholembera chofiira, nayang'ana pepala lonse kufuna malo, koma mlatho, mtengo ndi dzuwa zinali zitadzaza kale ponseponse.