Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe

M'bandakucha mayi wina wa ku Makawa atsitsa khanda kumsana, alisiyira agogo ake, nakwera matola kunka ku Mangochi Boma kukalera mwana wa eni. Chambo chachepa m'nyanja, bambo abwerako chimanjamanja. Ufa ugulidwa ndi malipiro a mayiyu. Kodi timdzudzule? Iyayi. Nayenso mayi wa Mose analandira malipiro kwa mwana wamkazi wa Farao, koma iye anayamwitsa wake yemwe. Mlezi wathuyu mwaŵi wotere alibe.

Tsono funso ligwera inu omlemba ntchito. Mwagula nthaŵi yake, koma umayi wake simunagule. Iye abereka wanu tsiku lonse. Nanga wake akadwala malungo, kodi mudzamlola apite osamdula malipiro?