Ukaitanidwa kukadya ku hotela

Mdzukulu wanga, amayi ako akuti abwana ako akuitana kukadya chakudya chamadzulo ku hotela pamodzi ndi alendo a kampani, ndipo mtima wako uli m'mwamba chifukwa cha mafoloko. Mafolokowo ndi nkhani yochepa. Chimene anthu amayang'ana patebulo lotere ndi chomwe tinkakuyang'ana pamphasa uli mwana: ngati umadikira akulu, ngati umasiyira anzako ndiwo, ngati umalankhula chakudya chili m'kamwa.

Yamba ndi kufunsa amene wakuitana kuti malo ake ndi ati, nthawi yanji, ndipo anthu akavala bwanji. Malo ngati Ryalls ndi Mount Soche ku Blantyre, kapena Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba, si opitako ndi jezi ya mpira ndi masilipasi. Suti si yofunika nthawi zonse. Malaya ositidwa bwino ndi nsapato zopolishidwa zikwanira. Mafuta onunkhira uchepetse, anzako amve fungo la chakudya. Ndipo usapite ndi njala ya tsiku lonse poti ukadya zaulere, chifukwa kumeneko chakudya chimabwera pang'onopang'ono: supu kapena saladi poyamba, kenako chakudya chenicheni, pomaliza zotsekemera. Munthu wanjala amamaliza buledi yense wa patebulo supu isanafike.

Fika nthawi isanakwane. Pakhomo utchule dzina la amene anasungitsa tebulo, akulondolere okha pokhala. Ukakhala, kansalu kopindidwa ka patebulo ukayale pamiyendo. N'kopukutira pakamwa, osati thukuta kapena chimfine. Foni uyiike m'thumba, isalire.

Tsono zitsulo zija. Foloko ili kumanzere, mpeni ndi supuni kumanja. Zikakhala zambiri, uyambe ndi zakunja n'kumalowera mkati pamene mbale zikusinthidwa. Kambale ka buledi kako ndi ka kumanzere, magalasi ako ndi a kumanja. Apa ndi pamene ambiri amamwera madzi a mnzawo. Ukamaliza kudya ugoneke mpeni ndi foloko pamodzi pambale, woperekera zakudya adziwa kuti achotse. Foloko ikagwa pansi usakwawire kunsi kwa tebulo, ungopempha ina. Ukasokonezeka, chedwa pang'ono uone mmene akuchitira mwini tebulo. Palibe amene adzaone kuti wachedwa.

Pamene ndikufuna umvetsetse ndi pa menyu. Mayina ambiri amakhala achilendo, ena Achifalansa, ena Achitaliyana, ndipo achinyamata ambiri amangoloza chala pa dzina lokongola poopa kuoneka osadziwa. Paja safunsa anadya phula. Woperekera zakudya uja ntchito yake ndi yomweyo, mufunse kuti m'mbale imeneyi muli chiyani, muli tsabola kodi, muli nkhumba kodi. Ngati pali chimene thupi lako limadana nacho, monga mtedza kapena nkhanu, unene asanaphike. Ukaitanitsa nyama ya steak akufunsa kuti ipse motani. Rare ndi yofiira mkati, medium ndi yapakati, well done ndi yopsa mpaka mkati. Ife tinakula tikudya nyama yopsa, ndiye ngati kufiira kungakunyanse, nena well done mosachita manyazi. Ndi bwino kusiyana ndi kumangoigubuduza m'mbale usiku wonse. Madzinso akufunsa ngati ukufuna wamba kapena a gasi, ndipo a m'botolo amalowa pa bilu.

Pamtengo, usasankhe chodula kuposa zonse poti akulipira ndi abwana. Mvera chimene iwo aitanitsa, iwe usapitirire pamenepo. Anthu amaona zimenezi ngakhale sanena.

Chambo chathu chimapezeka m'mahotela ambiri, chathunthu kapena chochotsa minga. Patsiku loyamba sankha chochotsa minga, kuti maganizo ako akhale pa zokambirana. Chathunthu chikabwera, idya mbali yapamwamba, unyamule fupa lamsana lonse uliike pambali, upitirize ndi yapansi. Munga ukakulowa m'kamwa uchotse mwakachetechete, osalavulira m'mbale. Nsima ikakhalapo, idya ndi manja ndithu, ungosamba kaye. Ine ndimaseka ndikaona Mmalawi akudula nsima ndi mpeni ngati keke, koma zimenezo n'zake. Kambale ka madzi koyandama kachidutswa ka ndimu n'kotsukira zala, si kakumwa.

Usayambe kudya ena asanalandire, pokhapokha mwini tebulo atakuuza. Kukakhala kodzitengera wekha, usaunjike mpunga, nkhuku, saladi ndi keke m'mbale imodzi. Kubwererako n'kololedwa, ndipo umatenga mbale ina yoyera.

Mowa ndi vinyo ndi zimene zagwetsa ambiri pamaso pa mabwana. Ngati sumwa, nena kuti zikomo sindimwa, basi, palibe chofotokoza. Ngati umamwa, galasi limodzi likukwane, chifukwa akamadzaza lisanathe suwerenga. Zimene ungalankhule za anzako a ku ofesi vinyo atakwera, mawa lake abwana azikumbukira iwe utaiwala.

Woperekera zakudya usamuimbire likhweru, usamukodole poliza zala. Kweza dzanja pang'ono, akayandikira uti pepani, akakupatsa uti zikomo. Ndi mwana wa munthu, wakhala chiimire tsiku lonse. Chakudya chikalakwika umuuze motsitsa mawu. Alendo anzeru amamuyeza munthu pa mmene amachitira ndi amene sangamubwezere.

Bilu amalipira amene anaitana, ndiye usalimbirane nawo. Komabe usachoke kunyumba chimanjamanja. Khala ndi kenakake m'thumba kapena mu Mpamba kapena Airtel Money. Tsiku limene udzaitane ndiwe, udzafunsiretu ngati mitengo ya pa menyu yaphatikiza kale msonkho wa VAT, udzawerenge bilu usanalipire, ndipo woperekera akakusamalira bwino udzamusiyire kangachepe. Za ulendo wobwerera ukonzeretu masana. Chakudya chotere chimatha mochedwa maminibasi atasiya kuyenda, ndiye ukhale ndi nambala ya wa takisi amene umamudziwa, usadzaime pageti la hotela kudikira kuti abwana akumvere chisoni.