Dambo Likauma Limapsa

Ku Indonesia kuli madambo momwe zomera zakufa zakhala zikuunjikana m'madzi kwa zaka zikwizikwi osavunda. Madziwo ndiwo amatsekera kaboni m'nthaka. Anthu atakumba ngalande kuti azilimamo, madzi anatsika, mpweya unalowa, nthaka inayamba kuvunda ndi kutulutsa mpweya wotenthetsa dziko. Mu 2015 moto unanyeka pansi pa nthakayo kwa miyezi, utsi nkudwalitsa ana chifuwa. Mankhwala ake ndi kutseka ngalandezo kuti madzi akwerenso.

Nafenso pemphero likaphwa, mkwiyo wakale umanyeka m'mitima mwathu mosaoneka mpaka kupsereza mabanja. Tiyeni titseke ngalande za miseche, tibwerere kwa Yesu, kasupe wathu wosaphwa. Amen.