Kodi Kuona Ulemerero wa Mulungu Nkokwanira?

ANTHU ambiri oona mtima amanena kuti chikhulupiriro chawo chikanalimba akanangoona chozizwitsa chimodzi chokha. Iwo amalingalira kuti munthu amene waona ulemerero wa Mulungu ndi maso ake sangakayikirenso kapena kufooka. Kodi lingaliro limenelo nloona? Funsoli nlofunika, pakuti amene akuyembekezera chizindikiro kuti chimdzutse angapitirize kugona kufikira tsiku la Yehova litamfikira modzidzimutsa.

Anaona Koma Anaiŵala Msanga

Lingalirani zimene zinachitika pa phiri la Sinai. Mtundu wonse wa Israyeli unaona ulemerero wa Yehova pamwamba pa phirilo, ukuoneka ngati moto wonyeketsa. Mose, Aroni, Nadabu, Abihu, ndi akulu 70 anakwera m'phirimo, naona masomphenya a Mulungu, ndipo anadya ndi kumwa popanda kuvulazidwa. (Eksodo 24:9-11, 17) Ndiyeno Mose anakhala m'phirimo masiku 40. Iye asanatsike nkomwe, anthuwo anali atayamba kulambira fano la mwana wang'ombe lagolidi, ndipo amene analipanga anali Aroni yemweyo! Amuna pafupifupi 3,000 anaphedwa kaamba ka tchimolo. Pambuyo pake Nadabu ndi Abihu nawonso anafa chifukwa chofukiza pamaso pa Yehova ndi moto umene iye sanalamule.—Eksodo 32:1-6, 28. Levitiko 10:1, 2.

Amuna ameneŵa sanasoŵe umboni. Chimene anasoŵa ndicho mtima wodikira pamene motowo unali utazoloŵereka ndipo Mose anaoneka kukhala akuchedwa.

Atumwi Atatu Olemedwa ndi Tulo

Patapita pafupifupi mlungu umodzi Petro atavomereza kuti Yesu ndiye Kristu, m'chigawo cha Kaisareya wa Filipi, Yesu anatenga Petro, Yakobo, ndi Yohane nakwera nawo m'phiri lalitali kukapemphera. Kumeneko nkhope yake inasandulika, zovala zake zinayera mbee, ndipo Mose ndi Eliya anaoneka akulankhula naye. Mateyu, Marko, ndi Luka onse akusimba chochitikachi, koma Luka yekha ndiye akutiuza kuti atumwiwo anali atalemedwa ndi tulo, ndi kuti anaona ulemerero wa Yesu pamene anagalamuka. (Luka 9:28-36) Ulemererowo unalipo kale iwo akuodzera. Tulo sitinauchepetse, koma tinatsala pang'ono kuwamana mwaŵi wakuuona.

Kodi masomphenyawo anawachititsa kukhala maso kuyambira pamenepo? Iyayi. Miyezi ingapo pambuyo pake, m'munda wa Getsemane, Yesu anatenganso atatu omwewo nawapempha kudikira naye. Katatu konse anawapeza ali mtulo. Ngozi itafika, iwo anathaŵa pamodzi ndi anzawo, ndipo usiku womwewo Petro anakana Mbuye wake katatu. (Mateyu 26:36-46, 56, 69-75) Atumwiwo sanali anthu oipa. Luka akufotokoza kuti chisoni ndicho chinawagonetsa. (Luka 22:45) Komabe, mpata wakulimbikitsa Yesu panthaŵi ya nsautso yake yaikulu unawapita, ndipo sunabwerenso.

Liwu Lachigiriki limene Luka anagwiritsira ntchito ponena za kulemedwa ndi tulo m'phiri muja likupezekanso pa Luka 21:34. Pamenepo Yesu akuchenjeza otsatira ake kuti mitima yawo ingalemedwe ndi kudya mopambanitsa, kuledzera, ndi nkhaŵa za moyo uno. Onani kuti nkhaŵa zaikidwa pamodzi ndi kuledzera. Tate amene akuvutika kupezera ana ake chakudya ndi ndalama zasukulu sakuchimwa pamene agwira ntchito zolimba. Koma ngati nkhaŵayo imlanda nthaŵi ya kupemphera ndi kuŵerenga Malemba, iye angaodzere mwauzimu mofanana ndi munthu wokonda mapwando.

Phunziro la ku Sarde

Mpingo wa ku Sarde unali ndi mbiri yakuti ngwamoyo, komabe Yesu anaupeza uli wakufa. Iye anaulamula kudzuka, nachenjeza kuti ukapanda kutero adzafika ngati mbala. (Chivumbulutso 3:1-3) Akristu a m'mzindawo anali ndi chifukwa chapadera chomvetsetsera chenjezolo. Linga la Sarde linamangidwa pamwamba pa phiri la maphedi otsetsereka kwambiri, kwakuti eni ake analiyesa losagonjetseka. Wolemba mbiri Wachigiriki Herodotus akusimba kuti pamene Koresi wa ku Perisiya anazinga mzindawo cha m'ma 546 B.C.E., m'masiku a Mfumu Croesus, msilikali wina wa Koresi anaona mlonda akutsika paphedi kukatola chisoti chake chimene chinagwa. Adaniwo anakwera podzera njira yomweyo, kumbali imene kunalibe alonda, ndipo mzindawo unagwa. Zaka zoposa 300 pambuyo pake, asilikali a Antiochus III analoŵanso mu Sarde mwa kukwera pamalo osalondedwa.

Sarde anagwera kumbali imene anaidalira koposa. Mkristu amene watumikira zaka zambiri, amene waona mapemphero ake akuyankhidwa, angaganize kuti pali machimo ena amene sangamgwire konse. Pamenepo mpamene amaleka kuika mlonda. Kodi pali mbali ya moyo wanu imene mwaleka kuipenda chifukwa chakuti simunagwepo chikhalire?—1 Akorinto 10:12.

Ulemerero Umene Tingauone Lerolino

Pamene Mose anapempha kuona ulemerero wa Mulungu, Yehova anamuuza kuti munthu sangaone nkhope yake nkukhala ndi moyo. M'malo mwake, anambisa mumng'alu wa thanthwe, napita pamaso pake akulengeza dzina lake ndi mikhalidwe yake: chifundo, kuleza mtima, kukoma mtima, choonadi, ndi chilungamo chimene sichilekerera wopalamula. (Eksodo 33:18-23, 34:6, 7) Chotero mbali yaikulu ya ulemererowo Mose anailandira mwa kumvetsera. Imeneyo ndiyo mbali imene ife tingailandirenso, ngakhale kuti sitinaime pa Sinai. Mikhalidwe imodzimodziyo timaiona m'moyo wa Yesu, ndiponso mwa mbale amene akhululukira womlakwira pamene akanatha kubwezera. Koma ulemerero wotero sung'anima ngati mphezi. Munthu woodzera amaupitirira osauzindikira.

Petro anadzamvetsa zimenezi. Zaka zoposa 30 pambuyo pa kusandulikako, iye anakumbukirabe mawu amene anawamva m'phirimo. Komabe sanalangize abale ake kufunafuna masomphenya ofananawo. Anawauza kusamalira mawu aulosi monga mmene munthu amasamalirira nyali m'malo amdima kufikira mbandakucha. (2 Petro 1:16-19) Nyali imafuna kuthiramo mafuta madzulo alionse, ndipo mwini wake sanganene kuti anathiramo chaka chatha.

Motero, tiyeni tisayembekezere chizindikiro kuti chitidzutse. Tiŵerenge Mawu a Mulungu tsiku ndi tsiku, tipemphere makamaka pamene tatopa kapena tili ndi chisoni, ndipo tisaleke kusonkhana ndi okhulupirira anzathu, amene angatigwedeze tikayamba kusinza. (Ahebri 10:24, 25) Yesu sanataye atumwi ake chifukwa chakuti anagona. Anawadzutsa, ndipo Petro amene anagona m'Getsemane ndiye anadzalembera Akristu anzake kuti akhale odzisunga ndi odikira. (1 Petro 5:8) Ngati mwazindikira kuti mtima wanu walemedwa, nthaŵi yakudzuka ndi inoyo.