Mbiya Imodzi, Mitengo Iwiri: Funso la Chilungamo pa Malonda a Masika

M'mapiri a Dedza, nthawi ya masika, yomwe imayamba mvula ikakata mu Epulo ndi kulowerera m'chisanu cha Juni, ndiyo imadzutsa malonda a amisiri a ntchito zamanja, chifukwa alimi amakhala atagulitsa mbatatesi, nyemba ndi chimanga, ndipo dongo limauma bwino kuti mbiya ziotchedwe. M'misika ya Bembeke, Chimbiya ndi Linthipe, komanso m'mbali mwa msewu wa M1, mumaoneka mitsuko, malichero, mphasa ndi ziboliboli. M'malo amenewa mumachitika chinthu chimene aliyense amachidziwa koma sachikamba poyera: mmisiri amatchula mtengo wina kwa mnzake wa m'mudzi, ndi wina wokwererapo kwa mlendo wotsika m'galimoto. Funso n'lakuti kodi kutero n'kuba.

Thomas Aquinas, katswiri wa zaumulungu amene anamwalira mu 1274, anasanthula nkhaniyi m'buku lake la Summa Theologiae pofotokoza za mtengo woyenera, kutanthauza mtengo wolingana ndi kufunika kwenikweni kwa chinthu. Iye anaphunzitsa kuti wogulitsa angawonjezere mtengo ngati iye mwini akutaya kanthu posiyana ndi katunduyo, koma sayenera kukweza chifukwa chakuti wogula akuchifunitsitsa, popeza khumbo la wogula si katundu wa wogulitsa. Anavomerezanso kuti mtengo woyenera sungalozedwe ndendende koma umayerekezedwa, ndipo apa kunenerera, kumene ndi mwambo wa msika uliwonse, kumapeza malo ake.

Poyamba chiphunzitsochi chimaoneka ngati chikutsutsa mayi woumba mbiya amene amatchula mitengo iwiri. Komatu chitsutso chimenechi chimaima pa ganizo lakuti mtengo wa m'mudzi ndiwo weniweni, ndipo ganizolo n'lokayikitsa. Mbiya imodzi imafuna kukumba dongo, kulisenza, kuliponda, kuumba, kukulungiza, kudikira masiku kuti iume pamthunzi, kutola nkhuni ndi kuotcha, ndipo zina zimang'aluka pamoto popanda wobwezera woumbayo. Mtengo umene mnzake wa m'mudzi amapereka sufika pa thukuta lonseli. Umatsitsidwa ndi zidebe za pulasitiki ndi mapoto a aluminiyamu, koma umatsitsidwanso ndi chibale, pakuti wogulayo ndi amene adzabwere kudzaphika pa maliro. Pamwamba pake pamabwera basela, kanthu kowonjezera kaulere kamene kamamanga ubwenzi. Choncho mtengo wa m'mudzi ndi mtengo woyenera wochotsedwapo mphatso, ndipo mlendo, yemwe alibe udindo uliwonse pa mudziwo, sanaberedwe akapanda kupatsidwa mphatsoyo. Malo ngati Dedza Pottery, yomwe inayamba mu 1987, ndi Kungoni ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayamba kuphunzitsa osema mu 1976, anasonyeza kuti ntchito yamanja ya m'boma la Dedza ingagulidwe pa mtengo wabwino, ngakhale kuti mmisiri wa m'mbali mwa msewu alibe shopu yokopa alendo.

Malire alipo ndithu. Wonamiza mlendo kuti chiboliboli chopakidwa polishi wa nsapato ndi cha phingo, kapena womata mng'alu wa mphika kuti usaoneke, wachita chinyengo, mtengo wake ukwere kapena utsike.

Chisalungamo chachikulu chili kumene anthu sayang'anako kawirikawiri. Dzuwa likapendeka, mmisiri amene akufuna fizi ya mwana, ndipo akuopa kusenzanso katundu wosweka msanga kubwerera naye kumudzi, amagulitsa zonse kwa venda pa mtengo wongotaya. Venda amanena kuti anagwirizana, koma Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, pokamba za malipiro a antchito, anaphunzitsa kuti pangano limene munthu walilola chifukwa chosowa pogwira silisanduka lachilungamo chifukwa choti wavomera. Mbiya zomwezo zikafika ku Lilongwe zimagulitsidwa pa mtengo wa alendo uja, ndipo palibe amene amafunsa venda ngati waba.