Chithunzi Chimene Galu Sanachipemphe

Ku America ndi ku Britain, mwezi wa Novembala ukamayandikira, ojambula zithunzi amakhala pa kalikiliki ndi ntchito imene kwathu kuno ambiri angaseke nayo mpaka nthiti kuwawa. Munthu amavala juzi lofiira, n'kutenga galu wake kupita naye ku paki kapena ku munda wa mitengo ya paini, n'kulipira wojambula kuti awatole chithunzi choika pa khadi la Khirisimasi. Khadilo limapita kwa abale ndi abwenzi, dzina la galu litalembedwa pafupi ndi la mbuye wake. Ine mwambowu sundiseketsa. Munthu wokhala yekha, amene amadzuka ndi galu, kuyenda ndi galu, kudwala galu ali pambali, angakhale akunama atatumiza chithunzi chimene galuyo mulibe. Chondivuta ndi kajambulidwe kake. Galu amamukola m'khosi ndi mkono, amamuveka nyanga zapulasitiki, amamupotolera mutu ku kamera, kenako pansi pake n'kulembapo mawu a chimwemwe.

Galu analowa mochedwa m'mwambo umenewu. Khadi la Khirisimasi loyamba kugulitsidwa linatuluka ku London mu 1843. Analikonzetsa ndi Henry Cole, ndipo John Callcott Horsley anajambulapo pamanja banja likumwa vinyo pa tebulo. Makamera a nthawi imeneyo ankafuna kuti munthu akhale duu kwa masekondi ambiri, moti ena ankawachirikiza mutu ndi chitsulo kumbuyo kuti asagwedezeke. Galu sangapirire zimenezo, n'chifukwa chake pa zithunzi zambiri zakale amangooneka ngati utsi pamapazi pa mbuye wake. Zinthu zinasintha makamera atayamba kufulumira ndi kutsika mtengo. Brownie ya kampani ya Kodak inatuluka mu 1900 pa mtengo wa dola imodzi, anthu wamba n'kuyamba kujambula ana ndi ziweto zawo pabwalo. Lero ngakhale foni imagwira galu ali m'malere akudumpha. Chifukwa chomuumirizira kukhala chete chinatha kalekale, koma chizolowezi chake chikadalipo.

Chizolowezicho chimati chithunzi chabwino n'chimene onse ayang'ana kutsogolo akumwetulira. Munthu amazitha zimenezi, mano amaonetsa ndithu ngakhale atangokangana kumene ndi mkazi wake m'galimoto. Galu sazitha. Pakati pa agalu kuyang'anitsitsa mnzako m'maso n'kuputa ndewu, ndiye taganizani mlendo atamuloza ndi diso lalikulu lagalasi, losaphethira. Galuyo amayankha m'njira yake: amayasamula alibe tulo, amanyambita mphuno, amapinda makutu, amatembenuzira mutu kumbali mpaka choyera cha m'maso kuonekera. Akatswiri a khalidwe la agalu amawerenga zonsezi kuti ndi nkhawa. Tsoka lake n'lakuti zimajambulika bwino, ndipo anthu amaziyesa nthabwala. Galu wayasama kukamwa, akupuma wefuwefu kunja kukuzizira, eni ake amati akuseka. Paja galu wamkota sakandira pachabe. Woyasamula pamaso pa kamera nayenso ali ndi chimene akunena.

Elliott Erwitt, wojambula wa bungwe la Magnum amene anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 95, anatola agalu osawerengeka m'misewu ya New York, Paris ndi mizinda ina. Nzeru yake inali yotsitsa kamera pansi, pamene galu amaonera dziko. Chithunzi chake chotchuka cha mu 1974 chimaonetsa miyendo italiitali ya chigalu chachikulu, nsapato zazitali za mayi wina, ndi kagalu ka mtundu wa chihuahua kataima pambali. Nkhope ya mayiyo mulibe m'chithunzimo, koma ukachiyang'ana umachita ngati wamudziwa, chifukwa agaluwo amufotokoza kale. Erwitt ankadziwikanso ndi kuuwa agalu kuti atukule makutu kapena adumphe. Kuuwako n'kuwapusitsa ndithu, koma m'chinenero chawo, kwa kamphindi, ndipo galu amayankha thupi lake lili mfulu.

Wina anena kuti ndikukokomeza. Khadi la Khirisimasi ndi sewero basi. Ana nawonso timawaveka zimene sakufuna n'kuwalamula kuti amwetulire, ndipo palibe anafapo ndi chipewa cha Father Christmas. Angandikumbutse kuti kagalu ka Erwitt komweko kanavala kachipewa koluka. Anganditchulirenso William Wegman, amene anatchuka poveka zovala zosiyanasiyana agalu ake a mtundu wa Weimaraner, Man Ray ndi Fay Ray, zithunzi zake n'kukapachikidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera luso. Mfundoyi sindiitaya. Alipo agalu amene juzi alibe nalo vuto, ndipo a ubweya waufupi amalifunadi kumene kumagwa chipale chofewa. Koma Wegman ankakhala ndi agaluwo m'nyumba, n'kugwira nawo ntchitoyo kwa zaka mpaka anaizolowera. N'zosiyana ndi galu amene nyanga amaziona kamodzi pa chaka, pamalo achilendo, mbuye wake ali ndi phuma poti ola limene walipira likutha. Mwana wokana chipewa amalira n'kumveka. Galu amangoyasamula, n'kuikidwa pa khadi.

Mu 2016, Mfumukazi Elizabeth II itakwanitsa zaka 90, Annie Leibovitz anaijambula panja, pa masitepe a ku Windsor Castle, ili ndi agalu ake anayi, awiri a mtundu wa corgi ndi awiri osakanizika otchedwa dorgi. Anthu anachikhulupirira chithunzicho chifukwa kumbuyo kwake kunali zaka zoposa 70, kuyambira mu 1944 pamene mfumukaziyo inapatsidwa Susan, corgi yake yakeyake yoyamba. Apa ndi pamene pagona nkhani. Momwe galu amatsamira mwendo wa munthu, momwe amatembenukira akamva dzina lake, si zophunzitsa m'mawa wa tsiku lojambulitsa. Zimapangidwa ndi chaka chonse, ndipo kamera imangozipeza kapena kuzisowa. A bungwe la National Canine Defence League, limene lero ndi Dogs Trust, anayamba mu 1978 kuchenjeza anthu a ku Britain kuti galu ndi wa moyo wonse, si wa Khirisimasi yokha, chifukwa tiana ta agalu tinkagulidwa ngati mphatso n'kudzatayidwa chikondwerero chitatha. Galu wogulira chithunzi amaoneka pa chithunzi pomwepo kuti ndi mlendo.

Ubwino wojambulira panja ndi wakuti galu ali ndi chochita. Amanunkhiza, amathamanga, amabwerera kwa mbuye wake, ndipo pobwererapo m'pamene pali chithunzi. Wojambula wodziwa ntchito amamusiya ayambe wayenda kuti phuma lithe, amasankha dzuwa la m'mamawa kapena lopendeka, amagwada kapena kugona chafufumimba m'udzu, n'kufulumizitsa kamera kuti igwire pa kagawo kamodzi mwa magawo 500 kapena 1,000 a sekondi. Fulashi amaipewa chifukwa kuseri kwa diso la galu kuli kachikopa kobweza kuwala, kamene kamasandutsa maso kukhala obiriwira. Chipale chofewa chimapusitsa kamera n'kudetsa chithunzi, moti galu wakuda amasanduka chithunzithunzi chopanda maso ngati wojambula sawonjezera kuwala. Chingwe chimakhala m'khosi kuti galu asathawire mumsewu, ndipo ambiri amadzachifufuta pa kompyuta. Bodza limeneli lokha ndimalikhululukira. Chomunyengerera chisakhale chokoleti kapena keke ya mphesa zouma, zakudya za nyengoyi zimene kwa galu ndi poizoni.

Mwambowu wayamba kuoneka ku Johannesburg ndi m'nyumba za mipanda ku Lilongwe, kudzera pa Instagram, ndipo umabwera ndi juzi lomwe. Disembala wathu ndi wa mvula ndi chifundizi, pamene galu amaziziritsa thupi ndi lilime basi, poti thukuta amatulutsa pang'ono kumapazi kokha. Kumuveka ubweya wa nkhosa nyengo imeneyi n'kumuzunza chifukwa cha chisanu cha dziko la eni. Pomwe galu wa kumudzi, amene amatsogola popita ku dimba n'kugona pakhomo usiku wonse, wojambula wa tsiku la Khirisimasi akafika amangomva "Choka!" kuti asaononge chithunzi cha ana ovala zatsopano. Galu ameneyo ndiye woyenera kutsalamo, pamalo pomwe wasankha yekha. Chokhacho, ana asauzidwe kuti amukumbatire kapena kugunditsa nkhope yawo pa yake. Agalu ambiri sakonda kukumbatiridwa, ana aang'ono amalumidwa kawirikawiri kumaso, ndipo m'Malawi chiwewe chikadalipo, n'chifukwa chake a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera mu Blantyre kuyambira mu 2015.