Tinayankha Kuti Tilitonse

Buku lachisanu la nkhani yaitali ya George R.R. Martin ndinaligula kwa mnyamata wina woyala mabuku pakhonde la sitolo mu Limbe. Linali lakaunjika, chikuto chothetheka, masamba otupa ngati linanyowapo ndi mvula. Ndinaliwerenga milungu itatu. Usiku umene ndinafika chakumapeto magetsi anali atathima, ndiye ndinkaunikira ndi tochi ya pafoni: Jon Snow, mnyamata amene ndinayenda naye kuchokera m'buku loyamba, akubayidwa mipeni ndi anzake omwe, mpaka kugwa chafufumimba. Bukulo silinena ngati wafa kapena wapulumuka. Kutacha ndinabwerera kwa wogulitsa uja. "Achimwene, lotsatira lake muli nalo?" Anasanthula m'makatoni ake onse, kenako anati ndidzayesenso mwezi wamawa katundu wina akafika. Tonse awiri sitinkadziwa kuti buku limene tinkasakalo linali lisanalembedwe n'komwe.

Nkhani imeneyi, yotchedwa A Song of Ice and Fire, inayamba kutuluka mu 1996. Buku lachiwiri linabwera mu 1998, lachitatu mu 2000, lachinayi mu 2005, ndipo lachisanu, A Dance with Dragons, mu July 2011. Kuchokera pamenepo kuli zii. Lachisanu ndi chimodzi dzina lili nalo kale, The Winds of Winter, ndipo pambuyo pake payenera kubweranso lina lotsiriza. Mu January 2016 Martin anavomera poyera kuti walephera kulimaliza pa nthawi imene anagwirizana ndi osindikiza. Mu 2022 ananena kuti wagwira magawo atatu mwa magawo anayi a ntchitoyo. Pakati ponsepa filimu ya Game of Thrones, imene kampani ya HBO inayamba kuonetsa mu April 2011, inawapitirira mabuku, inamudzutsa Jon Snow, n'kutha mu May 2019 ndi mathero amene anthu ambiri sanawakonde. Mwana amene anabadwa chaka chimene buku lachisanu linatuluka lero ali ku sekondale.

Anthu akwiya, ndipo ine sindiwadabwa. Aliyense amene anakulira pamoto wamadzulo amadziwa kuti nthano si ya munthu mmodzi. Agogo akati "padangokhala," ana amayankha kuti "tilitonse," ndipo amayankhabe choncho mpaka nthano itatha. Mawu amenewo ndi pangano. Womvera akulonjeza kuti sagona, sachoka, sasokosa. Wonena nthano naye akulonjeza kuti safika pamene kalulu wagwidwa mwendo n'kunyamuka kukagona. Ndi chifukwa chake nthano zathu zili ndi mawu ake otsekera, aja otuma ana kukaphula mbatata pamoto, kuti aliyense adziwe kuti zatha ndipo akhoza kubalalika. Munthu akalemba pachikuto kuti ili ndi buku loyamba mwa asanu ndi awiri, wanena "padangokhala." Amene wagula wayankha. Ndiye ndikamamva ena akunena kuti wolemba alibe ngongole kwa munthu aliyense, kuti unalipira buku limodzi ndipo limodzilo unapatsidwa, ndimaona kuti akukamba za nthano ngati akukamba za sopo. Palibe amene amagula gawo loyamba la nkhani chifukwa cha gawo loyambalo lokha.

Komabe ngongole ili ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene ambiri mwa ife okonda mabukuwa tasochera. Martin anabadwa mu September 1948. Pali anthu amene amamuwerengera zaka ngati akuwerenga masiku a nkhuku ya pa Khirisimasi. Amayang'ana zithunzi zake n'kumakambirana za thupi lake. Akamva kuti wapita kumsonkhano, kapena akusamalira holo yake ya mafilimu ku Santa Fe, amamulalatira kuti abwerere kukalemba. Ena amafika pomufunsa kuti mukamwalira adzamalize ndani. Kwathu kuno munthu wamkulu safunsidwa funso lotero ngakhale atakhala ndi ngongole ya ng'ombe. Amene amatero waiwala kuti kuseri kwa mabukuwo kuli munthu, ndipo munthuyo ndi yemwe uja anamupatsa chinthu chimene akuchiliriracho.

Komanso kulemba sikufanana ndi kuumba njerwa, kuti ukawonjezera maola chiwerengero chiwonjezekanso. Vuto la Martin limaoneka m'mabuku mwenimwenimo. Poyamba ankafuna kulemba mabuku atatu okha. M'buku loyamba nkhani inkayenda kudzera m'maso mwa anthu asanu ndi atatu. Pofika m'buku lachisanu anthu oterowo anali atapitirira 15, omwazikana m'makontinenti awiri, aliyense ndi ulendo wake ndi adani ake. Nkhani inakula mpaka buku lachinayi ndi lachisanu anachita kuwagawa potengera madera, anthu ena uku ena uko. Iye mwini amadzifanizira ndi mlimi amene amadzala mbewu n'kumaona mmene ikukulira, kusiyana ndi mmisiri amene amajambuliratu pulani ya nyumba. Ulimi woterowo ndi umene unapangitsa mabukuwa kukoma, chifukwa anthu ake amachita zinthu ngati amoyo ndipo palibe amene ungamudalire kuti safa. Koma ndi womwewonso umene wamutsekereza. Anatsegula mphanje yaikulu kuposa makasu amene ali m'nyumba, ndipo tsopano aliyense wa anthu aja ayenera kubwezedwa pamalo amodzi pa nthawi yoyenera popanda kunamiza owerenga. Ndikhulupirira kuti amakhaladi pansi n'kumalemba. Ndikhulupiriranso kuti kulemba mbiri ya mafumu akale a m'nkhaniyo, ngati mmene anachitira mu Fire & Blood mu 2018, n'kopepuka kwa iye kusiyana ndi kumasula mfundo imene anaimanga yekha.

Ndiye ngongole yake ndi yotani? Kwa ine ndi chilungamo basi. Nkhani ya Patrick Rothfuss ndi imene inandiphunzitsa zimenezi. Buku lake loyamba, The Name of the Wind, linatuluka mu 2007, lachiwiri mu 2011. Mmene anaiyalira nkhaniyo ndi moti munthu wina dzina lake Kvothe akufotokoza mbiri ya moyo wake kwa masiku atatu, tsiku lililonse buku lake. Owerenga anamva masiku awiri, ndipo lachitatu silinache. Pachiyambi Rothfuss ankanena kuti mabuku onse atatu analembedwa kale ndipo azituluka chaka ndi chaka. Mu 2020 mkonzi wake, Betsy Wollheim, anadandaula poyera kuti sanaonepo ngakhale liwu limodzi la buku lachitatulo. Chakumapeto kwa 2021 Rothfuss analonjeza kuti anthu akasonkha ndalama zokwanira zothandizira ovutika, adzatulutsa mutu umodzi wa bukulo. Anthu anasonkha. Zaka ziwiri zinadutsa mutuwo osaoneka. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo apa mpamene mkwiyo wa owerenga unasintha mtundu. Kuchedwa anthu amakupirira, chifukwa aliyense anachedwapo ndi kanthu. Chimene chimapweteka ndi kuuzidwa kuti nsima yapsa pamene madzi sanaterekedwe.

Rothfuss wakhala akunena za mavuto a maganizo amene amalimbana nawo, monganso Scott Lynch, wolemba wina amene buku lake lachinayi anthu alidikirira kuyambira 2013. Zimenezo ndimazilemekeza, ndipo munthu wodwala sakalipiridwa. Koma taonani kuti Lynch, amene anauza anthu msanga chimene chikumuvuta, sanakumane ndi ukali wofanana. Owerenga ambiri ali ndi chifundo akauzidwa zoona.

Pali chinanso chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndipo chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Anthu amene anapsa ndi Martin ndi Rothfuss tsopano amati sagulanso buku loyamba la nkhani iliyonse mpaka yonse itatha. Zikumveka zanzeru. Koma wosindikiza amayang'ana mmene buku loyamba lagulidwira asanavomere lachiwiri. Wolemba wachinyamata amene sanalakwire munthu, amene mwina akanamaliza nkhani yake m'zaka zinayi, amapezeka kuti buku lake silikuyenda malonda chifukwa aliyense akudikira mathero, ndipo matherowo sabweranso chifukwa palibe anagula chiyambi. Martin ndi wolemera, sizimukhudza. Amene akulipira ngongole yake ndi ana amene akungoyamba kumene.

Njira ina inaonekapo kale. Robert Jordan anayamba The Wheel of Time mu 1990, ndipo atadziwa kuti matenda ake sachira, anayamba kulemba ndi kufotokozera abale ake mmene nkhaniyo idzathere. Anamwalira mu September 2007. Mkazi wake Harriet McDougal, amene analinso mkonzi wake, anasankha Brandon Sanderson kuti amalize, ndipo Sanderson anatulutsa mabuku atatu, lomaliza mu January 2013. Amene anawerenga amadziwa kuti mawu a Sanderson ndi osiyana ndi a Jordan, ndipo ena amadandaula nazo. Koma nthano inatsekedwa, anthu anabalalika mitima ili m'malo. Martin wanenapo kuti safuna munthu wina kulemba m'dziko limene iye analipanga. Ufulu umenewo ndi wake ndipo sindingamulande. Chimene ndimaona mwa Jordan ndi munthu amene anakumbukira kuti kunja kuli anthu amene anamuyankha, ndipo anawakonzera njira.

Buku lakaunjika lija ndikadali nalo, ndipo ndalibwerekapo anthu anayi. Aliyense ndimamuuziratu kuti nkhaniyi ilibe mathero ndipo mwina sidzakhala nawo, asankhe yekha. Palibe amene anakana, ndipo palibe amene anabwera kudzandiimba mlandu. Ndi zomwezo zimene ndikupempha kwa olembawa: ngati buku likubwera, lembani mwakachetechete osatchulanso masiku, ngati lakukanikani, tiuzeni, ndipo mutifotokozere mmene munkafunira kuti nkhaniyo ithere. Kwa inu anzanga owerenga, lekani kuwerengera nkhalamba zaka, ndipo mukapeza buku loyamba la wolemba watsopano, ligulenibe.